Onse alembedwa 0.9%, koma si amodzi

Tiyerekeze kuti mayi wina wothyola tiyi ku Satemwa watsegula m'mimba usiku wonse mpaka kufooka. Amutengera ku chipatala chachikulu cha Thyolo ndipo namwino wamuika diripi. Pa thumba la diripiyo palembedwa Sodium Chloride 0.9%. Pambali pali kabotolo kena ka Bacteriostatic Water, nakonso kali ndi 0.9%. Kodi ndi madzi amodzimodzi? Ayi, ndipo kuwasokoneza kungaike moyo pachiswe.

A m'thumba aja ndi saline: magalamu 9 a mchere pa lita imodzi ya madzi opanda tizilombo. Mlingo umenewu ukufanana pafupifupi ndi wa madzi a m'magazi mwathu. Mukukumbukira osmosis ya mu Biology? Madzi amalowera komwe kuli mchere wambiri. Mukathira madzi opanda mchere ochuluka mumtsempha, amalowa m'maselo ofiira a magazi, maselowo n'kutupa mpaka kuphulika. Mu saline maselo sasintha. N'chifukwa chakenso ku labu amasakaniza chimbudzi ndi dontho la saline akafuna kuona mazira a njoka za m'mimba pa maikulosikopu.

Nanga ka kabotolo kaja? Muli madzi opanda mchere n'komwe. 0.9% yake ndi ya mankhwala otchedwa benzyl alcohol, omwe amaletsa mabakiteriya kuswana. Ntchito yake ndi kusungunulira mankhwala a jakisoni, pang'onopang'ono, ndipo akangokabaya koyamba kamagwira ntchito masiku osaposa 28. Si ka diripi. Sikayeneranso makanda ongobadwa kumene, popeza chiwindi chawo chimakhala chisanakhwime. Mu 1982 bungwe la FDA ku America linachenjeza za benzyl alcohol ana ena obadwa masiku osakwana atamwalira.

Yesani izi kunyumba. Dulani timizere tiwiri ta mbatatesi. Kena kaikeni m'kapu ya madzi wamba, kena m'madzi othira mchere wambiri. Pakatha ola limodzi, gwirani: ka m'madzi wamba kalimba, ka mumchere kafewa. Maselo a mbatatesi saphulika chifukwa ali ndi khoma. Maselo athu alibe.

Komatu musayese kupanga madzi a jakisoni panokha. Wina akatsegula m'mimba, mpatseni Thanzi ORS, kenako thamangirani naye ku chipatala.