Mwana Akavulaza Mnzake: Mafunso ndi Mayankho pa Udindo wa Makolo

Kodi mwana wamng'ono akavulaza munthu angaimbidwe mlandu?

Zimatengera msinkhu wake. Gawo 14 la lamulo la milandu lotchedwa Penal Code limanena kuti mwana wosakwana zaka 10 sangapezeke wolakwa pa mlandu uliwonse, kaya wathyola mnzake dzanja kapena watentha nyumba. Kale malirewa anali pa zaka 7. Mwana amene wakwanitsa zaka 10 koma sanafike 14 amaonedwanso ngati wosalakwa, pokhapokha oimira boma atabweretsa umboni woti pa nthawiyo ankazindikira kuti zimene akuchitazo ndi zosayenera. Kupitirira pamenepo mwana akhoza kuyankha mlandu, koma ku bwalo la ana, motsatira lamulo la 2010 loteteza ana la Child Care, Protection and Justice Act. Chiyambire 2017, pamene aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Choncho amene amathamangira kupolisi kuti akatsekeretse kamnyamata ka zaka 7 kamene kagenda mnzake ndi mwala akungotaya nthawi. Komabe kusaimbidwa mlandu kwa mwanayo sikupoletsa bala. Pali diso lotupa, pali ndalama ya basi yopitira kuchipatala chachikulu, pali mayi amene wasiya geni yake sabata yathunthu kuti adwazike matenda. Zonsezi zimafuna wozisenza, ndipo mkangano weniweni wa mabanja awiri umayambira apa.

Ndiye kuti mlanduwo umangogwera makolo?

Pa malamulo olembedwa, ayi. Makhoti athu amatsatira mfundo zambiri za ku England zimene zinalowa m'dziko muno mu 1902, ndipo imodzi mwa izo ndi yakuti kubereka mwana pakokha sikusandutsa kholo kukhala wolakwa pa zimene mwanayo wachita. Khoti limafuna kuona kulakwa kwa kholo lenilenilo: kodi linamutuma mwanayo, linavomereza zimene anachita, kapena linalekerera pamene kholo lina lililonse lanzeru likanachitapo kanthu? Milandu iwiri yakunja imaonetsa bwino pamene malire ali. Mu 1945 khoti lalikulu la ku Australia linaweruza mlandu wa Smith v Leurs, wokhudza mnyamata wa zaka 13 amene anagenda mnzake m'diso ndi legeni. Makolo ake ankadziwa kuti ali ndi legeniyo, anamuchenjeza, ndipo iye analonjeza kuti aziseweretsa pakhomo pokha. Oweruza anati makolowo anachita zimene kholo lanzeru lingachite, motero sanawalipiritse. Mu 1959 ku England, pa mlandu wa Newton v Edgerley, mlimi wina analola mwana wake wa zaka 12 kukhala ndi mfuti. Anamuletsa kuinyamula akakhala ndi ana anzake, koma sanamuphunzitse kagwiridwe kake pamene pali anthu ena. Mwanayo sanamvere, mfuti inalira, mnzake anavulala, ndipo bamboyo anapezeka wolakwa. Makolo onsewa anachenjeza ana awo, koma chenjezo lokwanira pa legeni silingakwanire pa mfuti. Chinthu chikakhala choopsa kwambiri, udindo wa kholo umakulanso.

Nanga bwanji kumudzi makolo amalipira ngakhale sanalakwe?

Chifukwa mwambo umafunsa funso lina. Khoti limafunsa kuti walakwa ndani, pomwe bwalo la amfumu limafunsa kuti wapwetekeka ndani, nanga mabanja awiriwa apitiriza bwanji kutunga madzi pa mjigo umodzi. Pachikhalidwe chathu mwana sakhala payekha. Ali ndi mbumba imene amachokera. Kwa Achewa, Amang'anja ndi Ayao, kumene mwana amatsata kuchikazi, nkhani yotere imafika kwa atsibweni ake, mwinimbumba, ndipo iwo ndi amene amatsogolera kukapepesa. Kwa mitundu imene imapereka malowolo, udindowu umatsamira kuchimuna. Konseko palibe amene amayamba wafufuza ngati mayi a mwanayo anali pakhomo kapena kudimba. Amanyamula nkhuku, ufa kapena ndalama, n'kupita kukaona wodwala. Anthu ena ophunzira amaona izi ngati zachikale, zosadziwa malamulo. Iwo akuiwala kuti malamulo a ku England si okhawo padziko lapansi. Ku France makolo amalipira pa zimene mwana wawo wamng'ono wawononga, ndipo chiyambire chigamulo cha khoti lawo lalikulu cha mu 1997, kholo silingapulumuke pongonena kuti linamulera bwino ndi kumuyang'anira mokwanira. Ku Germany lamulo limayamba ndi kuganiza kuti kholo silinayang'anire, ndipo zili kwa khololo kutsimikiza kuti linayang'anira. Maganizo anga ndi akuti lamulo lolembedwa likunena zoona pa nkhani ya kulakwa, koma mwambo ndi umene ukunena zoona pa nkhani ya kuthandiza wovulala, ndipo kholo lanzeru liyenera kutsata zonse ziwiri.

Kodi si nkhanza kulipiritsa munthu amene sanalakwe?

Funsoli ndi lolemera, ndipo si bwino kulipeputsa. Mayi wina amalera bwino, amalangiza, amabisa mipeni ndi machesi, koma tsiku lina mwana wake wa zaka 6 akukankha mnzake posewera chipako, mnzakeyo n'kugwera pamwala. Mayiyu alibe mlandu, ndipo amene angamunene kuti ndi wolekerera akumunamizira. Koma tiyang'anenso mbali inayo. Mayi wa mwana wovulalayo nayenso sanalakwe, ndipo mwana wake sanapemphe kuthyoka mwendo. Ndalama zopitira kuchipatala ziyenera kuchoka m'thumba la munthu wina basi. Tikanena kuti banja la wovulaza lisapereke kanthu chifukwa silinalakwe, ndiye kuti tagamula mwakachetechete kuti banja la wovulala lisenze lokha katundu yense, pamwamba pa ululu umene lili nawo kale. Pa mabanja awiri osalakwa, chilungamo chimafuna kuti katunduyo agawidwe, ndipo banja limene mwana wake anachititsa ngoziyo lisenzeko gawo looneka. Mbuzi ikadula chingwe usiku n'kukadya chimanga cha mnansi, mwiniwake salimbikira kuti chingwecho chinali chatsopano. Amakambirana za chimanga chimene chadyedwa. Mwana si chiweto, inde, ndipo sitimumangirira pachikhomo, koma mfundo yakuti amene ali ndi ulamuliro pa wochititsa vuto ndi amene ali pafupi kulikonza imagwirabe ntchito.

Pali chinthu china chimene sichitchulidwa kawirikawiri. M'mayiko ngati France mabanja ambiri ali ndi inshuwalansi imene imalipira zoterezi, kotero lamulo lawo lolimbalo silisaukitsa banja. Kuno mabanja ambiri alibe chotchinjiriza chotero. Ichi n'chifukwa chake sindikunena kuti Nyumba ya Malamulo ikhazikitse lamulo lokakamiza kholo lililonse kulipira chipukutamisozi chonse. Lamulo lotero likhoza kulanda banja losauka mbuzi zake zonse chifukwa cha masewera a ana. Chimene ndikunena ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri. Kholo limene silinalekerere lithandize pa zimene zawonongekadi, monga mayendedwe, mankhwala ndi chakudya cha wodwazika, molingana ndi mphamvu zake. Kholo limene linalekerera lilipire mokwanira, ngakhale zitafika kukhoti. Choyambacho ndi chipepeso, chachiwiricho ndi ngongole.

Tingadziwe bwanji kuti kholo linalekerera?

Palibe muyeso umodzi, koma pali zinthu zimene munthu aliyense woganiza bwino angayang'ane. Msinkhu wa mwana ndi choyamba: wa zaka 3 sayenera kusiyidwa pafupi ndi mbaula yoyaka pamodzi ndi khanda, pomwe wa zaka 12 sangatsatiridwe kulikonse kumene akupita. Kenako pali chinthu chimene chavulaza. Mwala wotola panjira sitingaufanizire ndi chikwanje chosiyidwa pabwalo, botolo la petulo wogulitsa m'mbali mwa msewu, kapena mankhwala ophera anankafumbwe osungidwa m'botolo la zakumwa. Masiku ano pabweranso njinga zamoto za kabaza. Bambo amene amapereka makiyi kwa mwana wa pulayimale kuti akagule mafuta, mwanayo n'kugunda gogo wodutsa pamsewu, asadzanene kuti inali ngozi chabe. Anaika m'manja mwa mwana chinthu chimene ngakhale wamkulu amafunika laisensi kuti ayendetse. Chachikulu kuposa zonse ndi mbiri ya mwanayo. Ngati anansi anabwera kawiri kudzadandaula kuti mwana wanu amaluma anzake kapena amagenda odutsa, inu n'kuwayankha kuti ana ndi ana, ndiye kuti tsiku limene diso la wina lidzaphulike simudzakhalanso ndi ponamizira kuti simunkadziwa.

Pano pafunika kusamala kuti tisasokoneze umphawi ndi kulekerera. Mayi amene wapita kuganyu m'mawa, n'kusiya ana aang'ono m'manja mwa mkulu wawo kapena agogo, wachita zimene mabanja ambiri m'dziko muno amachita kuti adye. Kumuweruza ndi muyeso wa banja limene lili ndi wantchito ndi mpanda wa njerwa n'kupanda chilungamo. Funso loyenera ndi lakuti: pa zimene anali nazo, kodi anachita zotheka?

Mwana akavulaza mnzake kusukulu, udindo ndi wa ndani?

Nthawi imene mwana ali m'manja mwa sukulu, ntchito yomuyang'anira imakhala ya sukuluyo. Mu 1955 oweruza a House of Lords ku Britain anagamula mlandu wa Carmarthenshire County Council v Lewis, pamene kamwana ka zaka pafupifupi 4 kanatuluka pa sukulu ya mkaka n'kulowa mumsewu. Woyendetsa lole anakhotetsa galimoto pokapewa, anagunda mtengo wa m'mbali mwa msewu ndipo anamwalira. Khonsolo yoyendetsa sukuluyo ndi imene inapezeka yolakwa chifukwa kamwanako kanatha kutuluka mosavuta. Kwathu kuno, chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana oposa 100 mu Sitandade 1, ndipo sitingayembekezere kuti aone dzanja lililonse. Sukulu iyenera kuyankha pamene inasiya ana okha nthawi yaitali, kapena inawapatsa makasu ndi zikwanje popanda wowayang'anira. Kholo liyenera kuyankha pamene mwana anachoka kunyumba ndi lezala m'thumba, kapena pamene ahedi analiitana za ndewu za mwanayo ilo osapita.

Bambo amene anasiyana ndi mayi a mwanayo, zikuwakhudza?

Zikuwakhudza. Lamulo la 2010 lija limaika udindo wosamalira ndi kulangiza mwana pa makolo onse awiri, kaya banja lilipo kapena linatha. Pa funso la kulekerera, amene anali ndi mwanayo tsikulo ndi amene amafunsidwa kwambiri. Pa funso la chipepeso, bambo amene amadzitama ndi mwana akakhoza mayeso a Sitandade 8 asabisale kumbuyo kwa mwambo wakuti mwana ndi wa kwa atsibweni ake pamene pakufunika ndalama ya kuchipatala.

Zikachitika, mabanja awiriwa achite chiyani?

Choyamba ndi chipatala, nkhani pambuyo. Bala la m'diso, la m'mutu ndi la moto silidikira kuti amfumu abwere kuchokera kumaliro. Zipatala za boma sizilipiritsa, koma za mishoni zimalipiritsa, ndipo wodwala diso akatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mayendedwe ndi chakudya zokha zikhoza kutha ndalama ya fetereza ya chaka chonse. Banja la mwana wovulaza lipite tsiku lomwelo, lisachite kuitanidwa. Ena amaopa kuti kukazonda wodwala ndi kuvomera mlandu, motero amakhala phee kunyumba. Kukhala chete kumeneku ndi kumene kumasandutsa ngozi kukhala chidani, ndipo nkhani zambiri zimene zimafika kupolisi zikanathera pamkeka akuluakulu akanafika msanga. Banja la wovulala nalo lili ndi malire ake. Lisamenye mwana wolakwayo, chifukwa wamkulu womenya mwana ndi amene angatsekeredwe. Lisatchule mtengo wongofuna kulemererapo. Lisunge malisiti ndi kabuku ka kuchipatala, ndipo litchule zimene zawonongekadi. Zimene mwagwirizana zilembedwe pamaso pa nyakwawa kapena mboni zina, ndi masiku opereka, pakuti lonjezo la pakamwa limaiwalika bala likangouma.

Mwana wolakwayo asabisidwe kuseri kwa nyumba nkhani ikamakambidwa. Ngati ali wamkulu moti angamve, apite nawo, aone bandeji, apepese ndi pakamwa pake. Ngakhale lamulo la 2010 limakonda njira imeneyi: pa milandu ing'onoing'ono limalola kuti mwana apatutsidwe ku khoti, apepese, abweze kapena alandire uphungu, m'malo motumizidwa ku malo osinthira khalidwe monga Chilwa ku Zomba kapena Mpemba ku Blantyre. Koma pamene munthu walumala, wataya diso kapena wamwalira, nkhuku ndi mbuzi sizingatseke nkhani. Ikanenedwe kupolisi, kumene kuli nthambi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit, ndipo banja limene silingakwanitse kulipira loya likafunse thandizo ku ofesi ya Legal Aid Bureau lisanasayine pangano lililonse.