Makilomita 1,000 Oyamba a Injini Yatsopano

Mwa galimoto zonse zimene zimadutsa pa msika wa Nsungwi kuyambira m'bandakucha kufikira usiku, maminibasi olowera m'tauni, ma Sienta, ndi malole a njerwa ndi mchenga, n'zowerengeka zimene zidafika kuno injini yake isanalawe msewu. Pakuti zambiri zidayamba kukalamba ku Japan zisanakwere chombo cha ku Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe. Komabe injini yatsopano si mlendo kwathu. Imadza ndi njinga yamoto ya kabaza imene mnyamata wangoitulutsa m'sitolo mapulasitiki akadali pampando. Imadzanso pamene amakaniko amasula injini yotopa, napita nayo ku Biwi kukapalitsa masilinda, naikamo mapisitoni, maring'i ndi mabeyaring'i atsopano. Tsono injini zotere zimamangidwa ndi lamulo lomwelo limene limamanga galimoto zaliwiro za anthu achuma. A BMW amalangiza wogula galimoto yawo ya mtundu wa M kuti asaipatse moto wonse kufikira itayenda makilomita 2,000, ndi kuti pamenepo abwere nayo adzakhuthule oyilo woyamba. Ngati mafumu a zitsulo a ku Germany amaopa chotero, koposa kotani nanga ife amene injini yathu idamangidwira pansi pa mtengo wa mango, mphepo ikuulutsa fumbi?

Chifukwa chake nachi. Khoma la m'kati mwa silinda yatsopano silosalala monga maso aonera. Mmisiri amalisiya dala ndi timizere tating'onoting'ono topingasana, kuti tisunge oyilo ndi kuti maring'i akhale ndi podzinolera. Monga mwanamphero azolowerana ndi mphero yake mwa kupera, kufikira miyala iwiriyo itagonana bwino osasiya mpata, momwemonso maring'i ayenera kudyana ndi khomalo pang'onopang'ono mpaka atatseka njira ya utsi wotsikira pansi ndi ya oyilo wokwera pamwamba. Ntchito imeneyi imachitika kamodzi kokha, ndipo gawo lalikulu limatha m'makilomita mazana oyamba. M'mera mpoyamba.

Musanailize injini, yezani oyilo galimoto itaima pamalo athyathyathya, dzazani madzi mu radiyeta, ndipo ngati ndi injini yomangidwanso ya petulo, pemphani amakaniko achotse mapulagi, aizunguze ndi sitata kufikira nyali yofiira ya oyilo itazima, kuti zitsulo zisayambe moyo wake zili zouma. Ikalira, tcherani khutu. Nyali ija ikapanda kuzima m'timphindi tochepa, kapena mukamva kugogoda kochokera pansi, zimitsani pomwepo, musachite manyazi ndi anthu oonerera. Zonse zikakhala bwino, ilekeni itenthe, mugwade ndi kusuzumira kunsi ngati pakudontha kanthu.

Apa ndipo ndisiyana maganizo ndi akuluakulu ena a m'magalaja, ngakhale ndiwalemekeza. Pali mwambo wosiya injini yatsopano ikulira pamalo amodzi tsiku lathunthu, amati kuti ikhazikike. Koma injini yolira yosasenza kanthu ilibe mphamvu yokankhira maring'i kukhoma. Oyilo amapsera m'timizere tija, khoma nilisalala ngati galasi maring'i asanakhale m'malo mwake, ndipo injini yotere idzamwa oyilo ndi kufuka utsi masiku onse a moyo wake, mwini wake nadzanenera mmisiri zoipa pachabe. Ikangotentha ndi kuoneka kuti siikudontha, malo ake ndi pamsewu.

Sankhani m'mawa wa tsiku lopanda piringupiringu, monga Lamulungu, ndipo musalowere ku tauni kumene mudzangoima pamzere injini ikuwira. Tulukirani ku Kanengo, mukhotere kumpoto mu msewu wa M1, mudutse Lumbadzi, mulunjike ku Mponela. Pamene kutsogolo kuli koyera ndipo kumbuyo kulibe wokutsatani pafupi, muli m'giya yachitatu, pondani moto kufika theka kapena kupitirirako pang'ono, liwiro likwere kuchokera pa 40 kufika pa 70. Ndipo pamenepo chotsani phazi, osaponda klatchi, muileke injini ibweze yokha liwiro. Chitani chotero kakhumi, mupumuleko, mubwerezenso. Poponda, mphamvu ya kuphulika kwa mafuta imalowa kuseri kwa maring'i ndi kuwakanikiza kukhoma. Pochotsa phazi, injini imakokera oyilo m'mwamba, amene amaziziritsa khoma ndi kutsuka tizitsulo tonyenyeka. Ulendo wonsewo musakhazikike pa liwiro limodzi nthawi yaitali. Pa galimoto ya petulo muvi wa injini usapyole 3,500. Ya dizilo imazungulira mofatsa, choncho 2,500 ikwanira. Njinga zambiri za kabaza zilibe muvi umenewu, motero muyeso wanu ukhale dzanja: theka la moto m'makilomita 500 oyamba, magawo atatu a magawo anayi kufikira 1,000. Ndipo popeza injini ya njinga imaziziritsidwa ndi mphepo yokha, yopanda madzi, mukayenda ola limodzi imani pamthunzi mphindi khumi, makamaka m'dzuwa la Okutobala.

Anthu ambiri amaopa kuliritsa injini, koma tchimo limene limapha injini zambiri kuno ndi lina, ndipo limachitika mwakachetechete, ndi mtima wofuna kusunga mafuta. Ndiko kuyenda pang'onopang'ono m'giya yapamwamba, kenaka kuponda moto pachitunda osasintha giya, galimoto n'kumanjenjemera, injini ikubuula ndi kugogoda ngati ili ndi timiyala m'kati. Pamenepo kuphulika kulikonse kumagwera mabeyaring'i mwamphamvu pomwe pampu ya oyilo ikuzungulira mwaulesi, ndipo kachikopa ka oyilo kamene kamalekanitsa chitsulo ndi chinzake kamaphwanyika. Tsitsani giya msanga. N'kwabwino kuti injini iyimbe mopepuka kusiyana n'kuti ibuule.

Koma yesero lalikulu silili m'chitsulo, lili m'thumba. Wogula njinga ndi ngongole ya banki m'khonde, kapena mwini minibasi imene yagona pagalaja mwezi wathunthu ana akudya movutika, akaiona ikulira mtima wake umathamangira ku siteji; ndipo mawa lake njinga ija muiona itasenza anthu awiri ndi thumba la chimanga, kapena minibasi yadzaza mpaka kondakitala walendewera pachitseko. Sindiwaweruza, pakuti njala siidziwa maring'i. Komatu masiku ochepa amene munthu aba pachiyambi adzawabweza ndi chiwongoladzanja, pamene injini imene ikadatumikira zaka idzafuna ovaholo ina chaka chisanathe. Chifukwa chake powerengera mtengo wa njinga kapena wa zipangizo, werengeranitu ndi sabata ziwiri za phindu lochepa ngati mbali ya mtengowo. Njinga inyamule munthu mmodzi wopanda katundu wolemera. Minibasi iyende ndi theka la anthu. Zitunda zokwera pochokera ku Salima zidikire. Ndipo inu bwana, ngati mwapereka chiwongolero kwa mnyamata, mutsitsireni ndalama ya patsiku m'sabata zimenezo, pakuti n'kupanda chilungamo kumulamula kuti afatse ndi injini pamene madzulo mukumufuna ndalama yathunthu.

Oyilo woyamba akhale wamba, wosachita kupanga ndi mankhwala oterera kwambiri: 20W-50 pa injini zakale za petulo, 15W-40 pa za dizilo, pokhapokha buku la galimotoyo litanena zina. Wa njinga akhale wolembedwa JASO MA, chifukwa klatchi yake imasambira mu oyilo yemweyo, ndipo wa galimoto angaichititse kuterereka. Gulani wa m'botolo lomata. Wothiridwa m'mabotolo a madzi m'mbali mwa msewu, ngakhale aoneke woyera, simudziwa kumene wachokera. Chimodzimodzinso petulo wa m'zigubu pa nthawi ya kusowa kwa mafuta. Pa makilomita 500 khuthulani oyilo injini ikadali yofunda, musinthe fyuluta, kapena pa njinga mutsuke kasefa kake. Musafulumire kutaya oyilo wakaleyo. Tulukani naye padzuwa m'beseni, mupendeketse. Kunyezimira kosalala ngati fumbi n'kwachibadwa, ndiwo maring'i akudzinola. Koma mukapeza tizidutswa timene chala chikutimva, kapena oyilo atasanduka ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti madzi alowamo, bwererani kwa amakaniko tsiku lomwelo. Pa makilomita 1,000 musinthenso.

M'mawa uliwonse yezani oyilo ndi madzi injini isanalire, ndipo musatsegule radiyeta yotentha. Misewu ya m'makwalala a Nsungwi ndi Mgona imafuka fumbi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndipo fumbi lolowa m'silinda limapala khoma koposa chilichonse. Choncho fyuluta ya mpweya ikhale yatsopano ndi yomangika bwino, paipi yake yopanda mng'alu. Kautsi kabuluu m'masiku oyamba kasakuopseni. Kakapitirira makilomita 1,000, pali chimene chalakwika.

Mukafika pa makilomita 1,000, amakaniko ayezenso matapeti, amange tcheni cha njinga chimene chimakhala chitatamuka, ndipo pa injini zimene opanga ake amalamula chotero, akungenso mabawuti a hedi. Katundu ndi liwiro muziwonjezere pang'onopang'ono m'makilomita 500 otsatira, osati tsiku limodzi. Ndipo popeza galimoto zambiri za kuno wotchi ya makilomita idafa kalekale, sungani kabuku m'galimotomo, muzilembamo maulendo anu madzulo aliwonse. Kuchoka ku Nsungwi kukafika ku Mponela ndi kubwerako muziwerenga makilomita pafupifupi 100.