Mafunso ndi Mayankho: Amayi Amene Analambula Njira ya Utolankhani

WOULUTSA: Tikulankhula ndi omvera athu kuyambira pa boma la Chitipa mpaka ku Nthalire, Wenya, Misuku, Kameme ndi Ifumbo, osaiwala abale athu amene mukutchera khutu muli tsidya la malire ku Zambia ndi ku Tanzania. Yakwana nthawi ya mafunso ndi mayankho. Tinakupemphani kuti mutilembere zokhudza amayi pa ntchito ya utolankhani, ndipo makalata afika ambiri ndithu. Lero ndili ndi mayi amene akhalitsa pa ntchitoyi, ndipo pano amasula atolankhani achinyamata. Mayi, takulandirani.

KATSWIRI: Zikomo kwambiri bambo. Moni kwa omvera nonse, makamaka inu amene mwatenga cholembera n'kutilembera.

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa mtsikana wa Fomu 3 ku Nthalire. Akuti: "Kusukulu timamva za John Chilembwe ndi Rose Chibambo, koma sindinamvepo dzina la mayi mtolankhani m'mbiri ya dziko lathu. Kodi analipo mayi amene anachitapo chachikulu pa ntchito imeneyi?"

KATSWIRI: Alipo mwanawe, ndipo dzina loyamba limene ndikufuna ulembe m'kope lako ndi la mayi Janet Karim. Anabadwa mu 1954 m'banja la a Nyemba Mbekeani, amene anakhalapo kazembe wa dziko lino ku America, kotero mbali ina ya ubwana wawo anakulira kunja. Atabwerera kumudzi anaphunzira ku Yunivesite ya Malawi, kenako n'kuyamba ntchito ku Daily Times. Masiku amenewo Daily Times ndi Malawi News zinkatuluka m'kampani imodzi, yomwe inali m'manja mwa Dr Kamuzu Banda, ndipo wayilesi inali imodzi yokha, MBC. Mtolankhani akasemphana ndi mabwana ake, kwina kolowera kunalibe.

Apa ndi pamene mayi ameneyu anasiyana ndi anzawo. Sanakhale pansi kudikira kuti wina awagawireko tsamba. Anayambitsa magazini yawoyawo ya amayi yotchedwa Woman Now. Mu 1993, chaka chimene Amalawi anavota pa riferendamu ya pa 14 Juni, anatsegula nyuzipepala ya The Independent, imene inkalemba mosaopa boma. Anatsogoleranso pokhazikitsa bungwe la amayi atolankhani la MAMWA, ndipo bungwe limeneli, mothandizidwa ndi UNESCO, ndi limene linabala wayilesi ya Dzimwe ku Monkey Bay mu 1998, wayilesi yoyamba ya m'dera m'dziko muno. Pambuyo pake, kuyambira 2007 mpaka 2015, anatumikira ku ofesi ya dziko la Malawi ku bungwe la United Nations ku New York.

Taona mwanawe: magazini, nyuzipepala, bungwe, wayilesi. Chilichonse mwa zinayi chinapereka malo oti amayi ena alankhulirepo. N'chifukwa chake ndimati mayi ameneyu analambula njira.

WOULUTSA: Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa kwa Kameme, ndipo iyi ikubwera ndi kakutsutsa. Akuti: "Kulemba nkhani ndi ntchito ngati ina iliyonse. N'chifukwa chiyani mukuwatamanda chonchi amayi amenewa ngati anapita kunkhondo?"

KATSWIRI: Bambo a kwa Kameme, mwafunsa bwino, chifukwa achinyamata ambiri akuganizanso chimodzimodzi. Tiyeni tikumbutsane mmene zinthu zinalili. Mu 1968 kunakhazikitsidwa lamulo lopatsa boma mphamvu zoletsa mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Mu 1973 atolankhani angapo anatsekeredwa osazengedwa mlandu chifukwa cha nkhani yokhudza nkhondo ya ku Mozambique. Mu 1989 mtolankhani Mkwapatira Mhango, amene ankadzudzula boma ali ku Lusaka, anafa pamodzi ndi abale ake nyumba yawo itaponyeredwa moto. Aliyense wogwira cholembera ankazidziwa zimenezi, ndipo ankalemba mtima uli m'mwamba.

Kwa mayi, mtolo unali wolemera kawiri. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauzi kapena siketi yaifupi, ndipo linatha pamene ndale za zipani zambiri zinkalowa. Boma linkafuna kuona mayi atavala nsalu ya chipani akuvina pabwalo ngati mbumba ya Kamuzu. Mayi woimirira pamsonkhano n'kufunsa nduna funso anali chinthu chachilendo, ndipo kawirikawiri mayi akalowa m'chipinda cholembera nkhani ankamukankhira ku tsamba la zophikaphika ndi zovala.

Pa nkhani ya mbumbayi ndikufuna nditchule mayi wina wa kuno kumpoto, mnansi wathu weniweni, malemu Emily Mkamanga. Anabadwira ku Chilumba m'boma la Karonga mu 1949, anaphunzira zaulimi ku Bunda, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri ku Chitedze, kufalitsa uthenga wa zaulimi. Mu 2000 anatulutsa buku lotchedwa Suffering in Silence, lofotokoza zimene amayi anakumana nazo m'zaka 30 zimene ankavinira Kamuzu. Ambiri ankazinong'ona m'nyumba, iwo anazilemba n'kusaina dzina lawo. Kenako kwa zaka zambiri ankalemba ndime yawo m'nyuzipepala za Nation, kudzudzula katangale ndi utsogoleri woipa posayang'ana kuti pampando pali chipani chanji, mpaka pamene anatisiya mu Novembala 2021. Bambo, kumeneko n'kulimba mtima, ndipo n'koyenera kukutchula dzina lake.

WOULUTSA: Tsopano tafika pa kalata imene yandikhudza mtima. Yachokera kwa agogo ena aakazi a ku Misuku, ndipo akuti anachita kuuza mwana wa mnansi wawo kuti awalembere. Akuti: "Ndikulera mdzukulu wanga wamkazi kuyambira pamene mayi ake anamwalira. Fizi yake imachokera m'munda wanga wa khofi ndi nthochi. Chaka chino alemba mayeso a Fomu 4 ndipo akuti akufuna kukhala mtolankhani. Anthu akundiuza kuti akazi atolankhani amayenda usiku, sakhala pabanja, ndipo ntchito yake ilibe ndalama. Ine ndimafuna akhale namwino. Mtima wanga sukugona. Ndichite chiyani?"

KATSWIRI: Agogo anga, ndiyambe ndi kukuthokozani. Mwalera mwana wamasiye mpaka kufika Fomu 4 ndi thukuta la m'mapiri a Misuku. Ntchito imene mwagwirayo ndi yaikulu, ndipo nkhawa yanu ikuchokera m'chikondi. Ndikuyankhani mosabisa kanthu.

Zoti ndalama zake n'zochepa, makamaka poyamba, n'zoona. Achinyamata ambiri amayamba mongodzipereka pa wayilesi za m'madera, ndipo umphawi umenewu ndi umene umakankhira ena kumalandira chipondamthengo kwa anthu amene akufuna kuti nkhani iwakomere. Zoti nthawi zina amaweruka usiku kapena kugona kutali n'zoonanso, koma agogo, namwino nayenso amachezera usiku wonse m'chipatala. Ndipo sindikubisirani kuti alipo abambo ena, m'maofesi ndi m'misonkhano, amene amafuna kudyera atsikana masuku pamutu. Zimenezi zimachitika pa ntchito zambiri, ndipo lamulo la dziko lino loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, la 2013, limaletsa mchitidwe umenewu. Alipo mabungwe monga MISA Malawi ndi bungwe la amayi atolankhani la AWOME kumene mtsikana angakadandaule n'kupeza omuimira.

Koma zoti mkazi mtolankhani ndi wopanda khalidwe, zimenezo ndikuzikana ndi mtima wanga wonse. Ndi mawu omwewo amene ankanenera amayi oyamba aja pofuna kuwafooketsa. Khalidwe mwana amalitenga pakhomo, ndipo mdzukulu wanuyo walitenga kwa inu. Kampani ya Nation Publications yakhala ikutsogoleredwa ndi mayi Mbumba Banda. Mu 2017 atolankhani a dziko lonse anasankha mayi Teresa Ndanga, amene anatchuka pa wayilesi ya Zodiak, kukhala wapampando wa MISA Malawi. Amenewa ndi anthu olemekezeka.

Ndiye muchite chiyani? Choyamba, khalani naye pansi mumufunse kuti akufuna kudzalemba zotani. Akayankha kuti akufuna kutchuka kapena kuoneka pa kanema, mulangizeni aganizenso. Akayankha kuti zimamupweteka kuona alimi akugulitsa mbewu pamtengo wolira, kapena amayi oyembekezera akuvutika ndi mtunda wopita kuchipatala, dziwani kuti mbewu ya utolankhani ilimo mwa iye. Chachiwiri, alimbikire mayeso, makamaka Chingerezi, chifukwa mayunivesite aboma amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Maphunziro ake amapezeka ku MUBAS ku Blantyre, ku Yunivesite ya Mzuzu, komanso ku sukulu ya MIJ imene ili ndi nthambi ku Mzuzu. Wosankhidwa kupita ku yunivesite angapemphe ngongole ku bungwe laboma lopereka ngongole kwa ophunzira, kuti mtolo wonse usagwere munda wanu. Chachitatu, musamulole kutaya Chisukwa kapena Chindali chimene mumalankhula naye pakhomo. Odziwa Chingerezi ndi ambiri. Wodziwa Chingerezi, Chichewa, Chitumbuka ndi chiyankhulo cha kwawo ndi wosowa, ndipo amalowa m'makomo amene ena sangalowemo.

Agogo, inu mukudziwa kuti khofi mukabzala lero mumadikira zaka zitatu asanakupatseni kanthu, ndipo simumuzula poti chaka choyamba sanabereke. Ntchito iyinso imafuna kudekha kotero. Unamwino ndi ntchito yabwino, ndipo mukhoza kumuuza maganizo anu momasuka. Koma ntchito yokakamizidwa siikoma, ndipo mwana amene watuluka pakhomo ndi madalitso a agogo ake amayenda molimba mtima.

Ndiwonjezere chimodzi. Mphunzitsi wake woyamba wa utolankhani ndinu. Pamene munkamuuza kuti asanene chinthu chimene sanachione, kuti amve mbali zonse ziwiri asanaweruze mkangano wa ana anzake, kuti apereke moni asanafunse mlendo chimene wadzera, munkamuphunzitsa malamulo omwewo amene ife timaphunzitsa m'kalasi.

WOULUTSA: Zikomo mayi. Ndikhulupirira agogo amva. Kalata yomaliza ndi ya mphunzitsi wa pulayimale ku Wenya. Akuti: "Nyuzipepala ya The Independent sitiionanso pamsika. Nanga chimene amayi amenewa anatisiyira n'chiyani, makamaka ife a kuno ku Chitipa kumene ngakhale nyuzipepala imavuta kupeza?"

KATSWIRI: Aphunzitsi, mwaona bwino. Nyuzipepala zambirimbiri zimene zinabadwa mu 1993 ndi 1994 zinafa, chifukwa pepala ndi kusindikiza zinali zodula, ndipo otsatsa malonda anali ochepa. Mwa zimene zinayamba nthawi imeneyo, The Nation ndi imene inazika mizu. Koma ntchito ya nyuzipepala zija sinapite pachabe. Zinazoloweretsa Amalawi kufunsa atsogoleri mafunso, ndipo malamulo aakulu a dziko amene analembedwa nthawi imeneyo anaika ufulu wa atolankhani mu gawo 36, ndi ufulu wopeza uthenga mu gawo 37. Lamulo lothandiza kuti gawo 37 ligwire ntchito linayamba pa 30 Seputembala 2020. Tanthauzo lake n'lakuti inuyo aphunzitsi, kapena komiti ya sukulu yanu, mungalembere khonsolo kufunsa mmene ndalama za chitukuko zayendera, ndipo akuyenera kukuyankhani.

Cholowa china ndi wayilesi za m'madera. Amayi a MAMWA anazindikira kuti mayi wa kumudzi, amene mwina sanapite patali ndi sukulu, sangadikire nyuzipepala ya Chingerezi. Anamutengera maikolofoni kumudzi kwake. Chimene chinayamba ku Monkey Bay chinafalikira m'maboma ambiri, ndipo kuno timamva Tuntufye FM ya Dayosizi ya Karonga ikulankhula m'ziyankhulo za kwathu. Kwa boma ngati lathu, kumene nyuzipepala imadutsa Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga isanafike, ndiponso kumene kuli Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka ndi zina zambiri, njira imeneyi ndiyo yotithandiza.

Koma ntchito yatsala, ndipo yatsalira ife. Nkhani za Chitipa zikamveka m'dziko muno kawirikawiri zimakhala za msewu woipa kapena za katundu wozembetsedwa pamalire. Ndani adzalembe za amayi a m'makalabu a khofi ku Misuku? Ndani adzajambule mawu a agogo amene akukumbukira pamene boma lino linkatchedwa Fort Hill, amene ankayenda pansi kukafuna ntchito ku migodi ya ku Zambia, amene anaona mmene ulendo wa ku Karonga unkavutira msewu wa phula usanabwere? Agogo amenewa akutha, ndipo aliyense akamapita amatenga mbiri yake. Aphunzitsi, yambitsani kalabu ya atolankhani pasukulu panu. Apatseni atsikana mpata wofanana ndi anyamata. Atumeni akacheze ndi agogo awo, alembe m'kope kapena ajambule pafoni, afunse dzina la malo ndi chaka, kenako adzawerengere anzawo pamzere wa m'mawa. Mayi Karim anayamba ndi magazini imodzi. Inu mukhoza kuyamba ndi pepala limodzi lomata pakhoma la sukulu.

WOULUTSA: Mayi, nthawi yatithera. Mawu anu otsiriza?

KATSWIRI: Kwa makolo ndi agogo, mwana wamkazi wofunsafunsa musamutseke pakamwa, muphunzitseni kufunsa mwaulemu ndi kunena zoona. Kwa atsikana, werengani chilichonse chimene mwachipeza, ndipo muyambe kulemba lero lomwe. Kwa mdzukulu wa ku Misuku, ndikukufunira mafuno abwino pa mayeso, ndipo zotsatira zikatuluka utilembere.

WOULUTSA: Omvera, makalata amene sitinawawerenge lero tawasunga, ndipo tidzayamba nawo sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Pitirizani kutilembera m'chiyankhulo chilichonse chimene mumamasuka nacho.