Nthenda Yotha Magazi ya Akavalo

Nthenda imene Angerezi aicha equine infectious anaemia inalembedwa koyamba ku France m'caka ca 1843. Mu 1904 madokotala awiri a ziweto, Vallée ndi Carré, anatsimikiza kuti gwero lake ndi kacirombo kakang'onong'ono kokhala m'magazi. Kacirombo kameneka nka banja limodzi ndi HIV, koma sikagwira munthu. Kagwira akavalo, abulu ndi nyuru.

Kavalo wodwala atentha thupi, aonda, atupa kunsi kwa mimba ndi miyendo, ndipo magazi ake acepa. Ena afa. Koma ambiri aoneka ngati acira: adya bwino, anenepa, athamanga monga kale, cikhalireco kacirombo kali m'magazi mwao kufikira tsiku la kufa kwao. Vuto lonse lagona pamenepa. Nchenche yaikulu yoluma ikayamba kuyamwa kavalo wotere, iye naiingitsa ndi mcira, ithawira pa mnzake ali pafupi, magazi akali kukamwa. Kacirombo sikaswana m'thupi la nchenche monga kacitira ka malungo mwa udzudzu. Kangonyamulidwa pamlomo, ndipo pamenepo sikakhalitsa. Munthu wosasamala aposa nchenche, pakuti singano imodzi yobayira akavalo awiri ikwanira. Ku Ireland mu 2006 akavalo 38 anagwidwa, ndipo ofufuza analoza cala pa madzi a m'magazi amene anapatsidwa kwa ana a akavalo ngati mankhwala.

Mankhwala ociritsa palibe. Cothandiza ndico kupima magazi, mwa njira imene Dr. Leroy Coggins anapeza ku Cornell, m'dziko la America, mu 1970. Kumeneko kavalo wopita kumsika kapena kumpikisano afunsidwa kawirikawiri kalata yosonyeza kuti anapimidwa. Wopezeka ndi nthenda aphedwa, kapena aikidwa cizindikiro cosafafanizika nakhala pa yekha moyo wake wonse, mayadi 200 kutali ndi akavalo ena, popeza nchenche yoingitsidwa isanakhute siuluka mtunda wautali kukafuna wina.

Mwini amene aona kavalo wake ali wonenepa ayesa lamuloli nkhanza, ndipo cisoni cake ncomveka. Komatu maso sangathe kusiyanitsa wamoyo ndi wonyamula nthenda. Ngakhale kupimako kufuna kubwereza, cifukwa kavalo wogwidwa kumene akhoza kutha masiku 45 magazi ake asanaulule kanthu. Cifukwa cace khola lokayikitsa litsekedwa, ndi akavalo onse a m'menemo apimidwanso.