Kukumba damu m'dambo: yankho kwa omvera a ku Machinjiri

Zikomo bambo a ku Machinjiri chifukwa cha kalata yanu. Mwati mwagula malo m'dambo, mukufuna kukumba damu la nsomba, kwinako muthire dothi mumange nyumba zalendi. Ndiye mukufunsa ngati kalata ya amfumu ikukwanira.

Ayi bambo, siikwanira. Yambani mwapita ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre akaone mapulani anu. Kutseka kapena kupatutsa madzi kumafuna chilolezo cha National Water Resources Authority, potsatira lamulo la madzi la 2013. Ntchito ikakhala yaikulu, bungwe loona za chilengedwe la MEPA limafuna lipoti lofotokoza momwe chilengedwe chidzakhudzidwire, monga likunenera lamulo la zachilengedwe la 2017. Mmenemo mumalemba komwe mudzataye matope okumbidwawo, momwe mudzatetezere magombe ndi udzu wa vetiva kapena nsungwi, komanso njira yomwe madzi a mvula adzadutse.

Dambo limasunga madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Mukalikwirira, madziwo amakalowa m'nyumba za anzanu akumunsi. Tonse tinaona zimene namondwe Freddy anachita mumzinda muno mu 2023. Matope a m'minda ya m'phiri la Ndirande akukwiriranso damu la Mudi.

Choncho musayambe mwaitana anthu aganyu. Tengani kaye zilolezozo.