Phunziro la Lero: Laputopu ya Salaula Ikakana Kuyaka

Ana anga, malaputopu ambiri amene ali m'nyumba zathu kuno ku Kaunda Square sanagulidwe atsopano. Anayamba agwira ntchito m'maofesi a kunja, kenako anafika m'mashopu a m'tauni, ku Town Centre kapena m'mbali mwa Cairo Road, kumene makolo anu anawagula pa mtengo wotsika. Makina otere tsiku lina amangozima, ndipo mawu oyamba amene mumamva ndi akuti, "Yafa iyi, ifunika kufomata." Ine ndikuti kufomata kukhale komaliza. Laputopu ikamayaka imadutsa masitepe anayi motsatana: imalandira moto, imadziyeza, imafunafuna disiki, kenako imatsegula Windows. Ntchito yanu ndi kupeza pamene yaima. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyambe ndi moto. Mwadina batani, koma palibe kagetsi kayaka, fani ili zii. Musathamangire kunena kuti bodi yapsa; kaikirani chaja kaye. Malaiti a ZESCO amabwera pa mavoti 230, ndipo chaja imawatsitsa kufika pa 19.5 m'malaputopu ambiri a HP ndi Dell, kapena 20 m'a Lenovo. Werengani zolembedwa pachaja, muyerekeze ndi za kunsi kwa laputopu. Mukukumbukira 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, mmene malaiti ankapitira tsiku lonse n'kubwera pakati pa usiku. Moto ukamabwerera choncho nthawi zina umabwera mwamphamvu, ndipo choyamba kuvulala chimakhala chaja. Bwerekani ina yofanana kwa mnzanu muyese. Zikakanika, zulani chaja, chotsani batire ngati ndi yochotseka, dinani batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 30, kenako lumikizani chaja yokha. Mukaona batire yatupa mpaka kukweza mabatani, isiyeni. Ikhoza kuyaka moto.

Sitepe yachiwiri: kagetsi kayaka, fani ikuzungulira, koma sikirini ili bii. Walitsani tochi ya foni pafupi ndi sikirini. Ngati mukuona zithunzi mwa chizimezime, kompyuta ili moyo, chafa ndi kuwala kwa sikirini basi. Mukhozanso kuilumikiza ku TV ndi waya wa HDMI. Ngati nakonso kulibe kanthu, wokaikiridwa wamkulu ndi RAM, kamene ndi kabodi kakang'ono kosunga zimene kompyuta ikuchita panthawiyo. Ndi kugwedezeka kwa m'minibasi, kamamasuka pamalo pake. Zimitsani, chotsani batire, katulutseni, pukutani mano ake agolide ndi labala ya pensulo, mukabwezere mpaka kalire kuti khe. Timabodito tikakhala tiwiri, yesani kamodzikamodzi. Mvetseraninso: ma Dell ena amalira kapena kuphethira kagetsi, ma HP amaphethira kagetsi ka Caps Lock. Werengani kuti kaphethira kangati, chifukwa nambalayo imauza wokonza chimene chavuta.

Sitepe yachitatu ndiyo imene ndifuna muigwire bwino. Dzina la kampani laoneka, koma pakubwera mawu achingerezi onena kuti disiki yoyambira sikupezeka. Lowani mu BIOS, kapulogalamu kamene kamadzuka Windows isanadzuke: F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad. Onani zinthu ziwiri. Kodi disiki ikuoneka pamndandanda? Kodi deti ndi lolondola? Deti likabwerera zaka zambiri m'mbuyo, kabatire kozungulira ka mavoti 3, kamene kawirikawiri kamakhala CR2032, katha mphamvu, ndipo makina aiwala dongosolo loyakira. Kameneko n'kotchipa. Makinawa amathanso kudziyeza okha: pa Dell dinani F12 musankhe Diagnostics, pa HP dinani Esc kenako F2. Koma ngati disiki ikulira kuti tike tike, zimitsani nthawi yomweyo. Kuyatsa kulikonse kukuonjezera kuwononga mafayilo anu.

N'chifukwa chiyani matenda a disiki ndi ochuluka kwathu kuno? Malaputopu a salaula ambiri amabwera ndi batire yotopa. Malaiti akapita, makina amazima mwadzidzidzi ali mkati molemba pa disiki, ndipo fayilo imene Windows imadalira poyaka imatsala yolembedwa theka.

Sitepe yachinayi: Windows yayamba, kenako sikirini yasanduka yabuluu, kapena laputopu ikuzima yokha mutaigwiritsa ntchito pang'ono. Jambulani sikiriniyo ndi foni. Mawu akuti MEMORY_MANAGEMENT amaloza ku RAM kawirikawiri, pamene INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE amaloza ku disiki. Ikamazima itatentha, vuto ndi fumbi. Mphepo ya mu Ogasiti imadzaza fani, kutentha kwa mu Okutobala n'kumalizitsa, ndiye inu n'kuikanso laputopu pa bulangete kutseka timabowo ta mpweya. Purosesa ikatentha kwambiri imadzizimitsa kuti isapse. Ikani laputopu patebulo, fani itsukidwe, mafuta oziziritsa purosesa asinthidwe. Ngati sikutentha, izimitseni ndi batani pamene Windows ikuyamba, kawiri kapena katatu motsatizana. Idzatsegula tsamba lodzikonzera. Mmenemo sankhani Safe Mode, muchotse pulogalamu imene munaika komaliza.

Tsopano mverani lamulo lalikulu. Munthu asanafomate, pulumutsani mafayilo. Ubuntu, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows, ikaikidwa pa fulashi imatha kuyatsa laputopu popanda kukhudza disiki, n'kukulolani kukopera zithunzi za banja ndi ntchito za kusukulu. Kapena disiki itulutsidwe, ilumikizidwe ku kompyuta ina. Kufomata kumafufuta zonsezi, komanso sikuchiza RAM yofa, fani yodzaza fumbi kapena chaja yopsa. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina akale ambiri salandira Windows 11 mwa njira yovomerezeka. Pogula, funsani zimenezi, ndipo onetsetsani kuti BIOS ilibe pasiwedi ya ofesi yakale.

Zikakukanikani, pitani kwa wokonza, koma musapite manja lende. Muuzeni sitepe imene makina aima ndi zimene mwayesa kale. Lembani kukula kwa RAM ndi disiki musanawasiye, ndipo chilichonse chimene achotsa akubwezereni. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, apo ayi simudzadziwa chimene chachiza.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi: amene kwawo kuli laputopu alowe mu BIOS osasintha kalikonse, alembe dzina la disiki, kukula kwa RAM ndi mavoti a chaja. Mubwere nazo Lolemba, tidzatsegulire limodzi laputopu yakufa ya m'kalasi.