Sitika yafufutika: kiyi wa Windows 7 ndimupeza kuti?

FUNSO



Ndili ndi kashopu kotayipa makalata ndi ma CV komanso kujambula mapepala pamsika wa kwathu kuno. Ndimagwiritsa ntchito laputopu ya Dell imene ndinagula yogwirapo kale ntchito, ndipo ili ndi Windows 7 Professional. Masiku ano yayamba kuchedwa kwambiri, mwina ndi mavayirasi obwera ndi maflash a makasitomala. Mnyamata amene amatikonzera makompyuta akuti aifomate n'kuikamonso Windows, koma akufuna product key. Sitika ya pansi pa laputopuyo inafufutika, zilembo zina sizikuoneka. Iye akuti zilibe kanthu, ali ndi Windows yake yosafuna kiyi. Windows 10 sindikuifuna chifukwa printa yanga ndi yakale, driver wake amagwira pa Windows 7 basi. Kodi kiyi wangayo angapezekenso, kapena ndingomulola mnyamatayo achite zimene akudziwa?

Mayi wa ku Balaka

YANKHO

 Muuzeni mnyamatayo ayambe wadikira. Malinga ngati laputopuyo ikuyaka, ngakhale izichita kukwawa, zonse zimene mukufuna zidakali m'katimo. Tsiku limene aifomate, mavayirasi adzapita, inde, koma adzapitira limodzi ndi kiyi wolembedwa m'kati mwa Windows, kiyi wa Microsoft Office, mwinanso kachigawo kobisika ka hard disk komwe a Dell anasungamo Windows ya kufakitale. Zimenezi zikafufutidwa sizibwereranso.

Tiyambe ndi sitikayo, musafulumire kuitaya mtima. Kiyi wa Windows amakhala ndi zilembo ndi manambala 25, m'magulu asanu, gulu lililonse zisanu. Pa Windows XP, Vista ndi 7, a Microsoft ankasankha mwa zizindikiro 24 zokha. Mu kiyi simupezeka A, E, I, O, U, L, N, S kapena Z, ndiponso mulibe 0, 1 ndi 5. Izi zimathandiza kwambiri powerenga sitika yotha. Mukaona chozungulira chonga O, dziwani kuti ndi Q kapena D. Chonga S chikhoza kukhala 8 kapena 3, koma S ayi, 5 ayinso. Zimene zimasokonezadi ndi B ndi 8, G ndi 6, komanso V ndi Y. Zimitsani laputopuyo, itembenuzeni, muunike sitikayo ndi tochi kuchokera m'mbali, osati pamwamba, n'kuijambula ndi foni. Pachithunzi chokulitsidwa nthawi zambiri pamaoneka mthunzi wa inki umene diso silinauone. Musaipukute ndi madzi, malovu kapena spiriti. Ngati chasowa ndi chilembo chimodzi, pali zoyesa 24 zokha, munthu wodekha amatha. Zikasowa ziwiri zoyesa zimafika 576, zitatu 13,824, ndipo pamenepo ndi bwino kusiya n'kuyang'ana kwina. Chotsaninso batire muone kunsi kwake. Pa malaputopu ena sitika imakhala m'menemo, ndipo ena amene anakonzedwanso kunja asanabwere kuno amakhala ndi sitika yachiwiri yolembedwa kuti Refurbished, ya kiyi wakewake. Ikapezeka, kiyi wogwiritsa ntchito ndi wa pa imeneyo.

Ena amadina pa Computer n'kusankha Properties, n'kuona pansi nambala yaitali yolembedwa Product ID, basi n'kusangalala kuti apeza. Imeneyo si kiyi, ndipo poika Windows siingakuthandizeni.

Tsopano chitani ichi, n'chimene chiwongole nkhani yonse. Dinani Start, lembani cmd, mutsegule kawindo kakuda kaja. Lembani slmgr /dli n'kudina Enter. Pakapita kanthawi pabwera kabokosi ka mizere ingapo. Mzere wa Partial Product Key ukuonetsani zilembo zisanu zomaliza za kiyi amene ali m'katimo. Ziyerekezeni ndi gulu lomaliza la pasitika. Mzere wa Description umakhala ndi mawu onena mtundu wa laisensi yanu: OEM_SLP, RETAIL, kapena mawu oyamba ndi OEM_COA kapena VOLUME. Jambulani kabokosiko.

Ngati zilembo zisanuzo zikufanana ndi za pasitika, mwachita mwayi. Ndiye kuti wina anaikapo Windows ndi kiyi wa pasitikayo, ndipo kiyi yense ali mu registry, pamalo otchedwa DigitalProductId, atabisidwa mwa manambala amene munthu sangawerenge ndi maso. Pali timapulogalamu taulere tomasulira manambalawo: ProduKey ya NirSoft, Magical Jelly Bean Keyfinder, kapena Belarc Advisor. Ine ndimakonda ProduKey chifukwa ndi yaing'ono ndipo siichita kuikidwa, mumangoitsegula. Itengeni pa tsamba la eni ake, osati pa flash ya munthu. Antivayirasi ikhoza kuiletsa, chifukwa pulogalamu yowerenga makiyi imatha kugwiritsidwanso ntchito ndi akuba. Ngati mwaitenga kwa eni ake, zisakuopseni. Owerenga ena amene kompyuta yawo yafa kale asataye mtima: hard disk ikatulutsidwa n'kulumikizidwa pa kompyuta ina, ProduKey imatha kuwerenga kiyi kuchokera mu foda ya Windows ya diskiyo, malinga ngati sinafomatidwe.

Koma ndikukayika kuti zilembozo zifanana, ndipo apa mpamene anthu ambiri, ngakhale okonza makompyuta, amasokera. Makampani akuluakulu monga Dell, HP, Lenovo, Acer ndi Toshiba sankalemba kiyi wa pasitika pa kompyuta iliyonse kufakitale. Ankaika kiyi mmodzi yemweyo pa makompyuta ambirimbiri a mtundu umodzi wa Windows. M'kati mwa BIOS ya kompyuta ankaikamo chizindikiro chotchedwa SLIC, cha 2.0 pa Vista ndi cha 2.1 pa Windows 7, ndipo m'diski ya kampaniyo munali satifiketi yogwirizana nacho. Windows ikaona kuti kiyi, satifiketi ndi chizindikiro cha mu BIOS zagwirizana, imadzivomereza yokha, popanda intaneti, popanda kufunsa kanthu. Kiyi wa mtundu umenewu ali ngati chidindo cha amfumu: n'chimodzi pa makalata a mudzi wonse, ndipo chimangogwira ntchito kwa munthu wa m'mudzimo. Choncho ngati kabokosi kanu kalemba OEM_SLP, ProduKey idzakuonetsani kiyi wa Dell wa onseyo. Mukamulemba papepala n'kudzamuika pa Windows ya pa diski wamba yopanda satifiketi ya Dell, Windows sidzavomerezeka, ndipo mudzadabwa kuti mwalakwitsa pati.

Ubwino wake ndi wakuti pa Dell ya sitika ya Windows 7, mwina kiyi simukumufuna n'komwe. Chizindikiro chija chili mu BIOS, kufomata sikuchikhudza. Yesani kaye kuyatsa laputopuyo n'kumadina F8 Windows isanatseguke, musankhe Repair Your Computer, muone ngati pamndandandapo pali mzere wa Dell wobwezera kompyuta mmene inachokera kufakitale. Pa HP batani lake ndi F11, pa Acer ndi Alt pamodzi ndi F10, pa Toshiba mumagwira 0 poyatsa. Njira imeneyi imafufuta mafayilo anu onse, choncho pakali pano ingoonani ngati ilipo, musaiyambitse. Pa makompyuta ogula akale kachigawoka kamakhala katachotsedwa kale nthawi zambiri. Zikatero, funani diski ya Dell yolembedwa Reinstallation DVD ya Windows 7 Professional. Okonza makompyuta achikulire ndi a m'maofesi amene ankagula ma Dell ambiri amakhala nazo m'madirowa. Kubwereka diski yotere si kuba, chifukwa laisensi yanu ndi sitika yomatidwa pa laputopu yanuyo, yofufutika yomweyo. Onetsetsani kuti ndi Professional monga yalembera sitika, osati Ultimate kapena Home Premium. Za 32-bit kapena 64-bit laisensi siisankha, koma printa yanu imasankha: onani kuti pano muli pa iti, mubwerere pa yomweyo.

Ngati kabokosi kalemba VOLUME, nkhani yasintha. Ndiye kuti Windows ili m'katimo inaikidwa ndi kiyi wa kampani, sukulu kapena bungwe limene linali ndi laputopuyo kale. Kiyi ameneyo ndi wa iwo, sanagulitsidwe limodzi ndi laputopu. Ena mwa makiyi otere Windows 7 siiwasunga onse, ndipo pulogalamu yofufuzira imangoonetsa BBBBB kasanu. Ena, a mtundu wa KMS, amafuna kulumikizana ndi seva ya bungwelo masiku 180 asanathe. Musavutike nawo. Bwererani ku sitika ndi diski ya Dell.

Mukafufuza pa intaneti mudzapeza malangizo oti mulembe wmic path softwarelicensingservice get OA3xOriginalProductKey kuti kiyi atuluke. Zimenezo ndi za makompyuta amene anabwera ndi Windows 8 kupita mtsogolo, kuyambira 2012, pomwe kiyi anayamba kusungidwa mu BIOS ndipo sitika za kiyi zinatha. Pa yanuyo kiyi sadzatuluka.

Tibwere ku Windows ya mnyamatayo yosafuna kiyi. Mufunseni bwinobwino kuti ndi yotani. Ngati ndi diski ya Dell imene ndatchulayi, palibe vuto, n'zomwe tikufuna. Koma kawirikawiri mawu amenewa amatanthauza Windows yothyoledwa, yokhala ndi kapulogalamu konamiza Windows kuti yalipiridwa. Sindikumunena mnyamatayo kuti ndi wakuba. Ambiri anaphunzira ntchito pa ma Windows otere ndipo amaona ngati ndi mmene zimakhalira. Vuto ndi lakuti palibe amene akudziwa kuti wothyolayo anaikamonso chiyani. Inu m'laputopumo mumadutsa ma CV a anthu, manambala a ziphaso zawo, makalata a kubanki ndi a kukhoti. Kuthawa mavayirasi a pa flash n'kukaika Windows yochokera kwa munthu wosadziwika, mudakali ndi laisensi yanuyanu, ine sindikuonapo nzeru. Ena mwa ma Windows amenewa amadzatembenuka pakapita nthawi, sikirini n'kuda bii, pakona n'kulemba kuti Windows yanu si yeniyeni. Makiyi otchipa a pa intaneti nawonso asiyeni. A Microsoft anasiya kalekale kugulitsa Windows 7, ngakhale makompyuta atsopano anasiya kutuluka nayo mu Okutobala 2016, ndipo ambiri mwa makiyi ogulitsidwa lero ndi a mabungwe kapena ogwiritsidwa kale ntchito.

Ngati diski ya Dell ikuchedwa kupezeka koma ntchito ikukudikirani, Windows 7 yabwinobwino imalola kuikidwa popanda kiyi, n'kugwira ntchito masiku 30. Lamulo la slmgr /rearm, lolembedwa pa cmd yotsegulidwa ngati administrator, limayambitsanso masikuwo, ndipo limaloledwa katatu, kufika masiku 120 onse pamodzi. Ndi a Microsoft eni ake anaika zimenezi.

Chimene simunafunse koma chikhoza kukulizani kuposa Windows ndi Office. Shopu yanu imayenda ndi Word. ProduKey imaonetsanso kiyi wa Office 2007 ndi 2010, mulembeni ameneyo lero lomwe. Kuyambira Office 2013, kompyuta imangosunga zilembo zisanu zomaliza, choncho pofunika kakhadi kamene munagulira kapena akaunti ya Microsoft imene inalembetsedwa. Sunganinso pa flash yoyera driver wa printa ndi wa Wi-Fi, chifukwa Windows 7 yongoikidwa kumene nthawi zambiri siidziwa kulowa pa intaneti payokha. Ma driver a laputopuyo mumawapeza pa tsamba la Dell polemba Service Tag, nambala ya zilembo 7 imene ili pa sitika ina pansi pomwepo kapena mu BIOS. Mafayilo a makasitomala akopereni padera, ndipo muwatsegule pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akoperekadi.

Mufunsenso mnyamatayo ayese hard disk asanaganize zofomata. Kuchedwa kwa laputopu ya zaka zoposa khumi nthawi zambiri kumachokera ku disk yotopa kapena RAM yochepa. Ngati ndi choncho, kufomata kudzangopepuza sabata zochepa. Kuika SSD n'kukopera Windows yonse mmene ilili kumasunga laisensi, Office ndi printa zonse pamodzi, koma mavayirasi achotsedwe kaye, apo ayi adzasamukira limodzi.

Pa zokhalabe pa Windows 7 ndikukumvetsani, printa yogwira ntchito siitayidwa chifukwa cha fashoni. Dziwani chabe kuti a Microsoft anasiya kuitumizira zotseka mipata ya chitetezo pa 14 Januwale 2020, ndipo Chrome inaima pa nambala 109 kumayambiriro kwa 2023. Ngakhale mutasintha maganizo, kiyi wa Windows 7 anasiya kuvomerezeka pa Windows 10 kumapeto kwa 2023, ndipo Windows 10 yomweyo chithandizo chake chinatha pa 14 Okutobala 2025. Laputopu imeneyi ikhale yotayipira ndi kusindikiza basi. Za kubanki ndi maimelo zichitireni pa foni kapena pa kompyuta yatsopanopo. Flash ya kasitomala muziipima kaye musanaitsegule, ndipo mukaona mafoda onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona, musadinepo, ameneyo ndi vayirasi wabisa mafoda enieniwo. Makasitomala amene angathe azikutumizirani mafayilo pa WhatsApp, inu muziwasamutsa ndi flash yanu imodzi yosabwereketsa.

Makiyi mukawapeza alembeni m'buku la shopu, mujambulenso ndi foni, ndipo pa sitikayo mumatepo selotepu yoonekera kuti zilembo zotsalazo zisapitirire kufufutika.